Kukhala ndi matenda a COPD: zoyenera kuchita pakhomo ndi kuchipatala

Munthu wa zaka zoposa 40 amene wakhala akutsokomola kwa miyezi yambiri, amene amatulutsa makhololo m'mawa uliwonse, ndipo amachita befu pokwera chitunda chomwe kale ankakwera atasenza katundu, ayenera kuganizira za matenda a m'mapapo otchedwa COPD. Awa ndi matenda okhalitsa omwe amachepetsa njira zodutsa mpweya m'mapapo, ndipo malo omwe awonongeka sabwereranso mwakale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 matendawa anapha anthu oposa 3 miliyoni, ndipo pafupifupi 90 mwa anthu 100 alionse ofa nawo asanakwanitse zaka 70 amakhala a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Malangizowa ndalembera odwala ndi owasamalira a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene njira zambiri n'zokwera ndi kutsika, kumene chiperoni chimatiunjika pamoto kwa masiku angapo, ndiponso kumene midzi yambiri ili kutali ndi chipatala chachikulu. Matendawa sachira, koma amasamalika, ndipo mbali yaikulu ya chisamalirocho imachitikira pakhomo.

M'mapapo muli timachubu tambirimbiri tomwe timagawikana mpaka kukathera m'timatumba ting'onoting'ono, momwe mpweya wabwino umalowera m'magazi. Utsi ukamafika m'menemo kwa zaka zambiri, timachubuto timatupa m'kati n'kumatulutsa makhololo ochuluka, pamene timatumba tija timang'ambika ndi kutaya mphamvu yofinya mpweya kuti utuluke. Wodwalayo amakoka mpweya koma amalephera kuutulutsa wonse, choncho mpweya wakale umatsalira m'chifuwa n'kutsekereza malo a watsopano. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zambiri zomwe ndifotokoze m'munsimu cholinga chake n'kuthandiza mpweya kutuluka.

M'mayiko olemera odwala ambiri ndi anthu osuta fodya. Kwathu kuno fodya alipo ndithu, wa ndudu za m'sitolo ndi chingambwe chopichira papepala, koma palinso amayi ambiri odwala matendawa amene sanasutepo chibadwire. Iwowa anayamba kupuma utsi wa nkhuni ali kumbuyo kwa amayi awo, n'kudzapitiriza kuupuma pa mafuwa awoawo kwa zaka 40 kapena 50. Chifuwa chachikulu cha TB nachonso chimasiya zipsera m'mapapo ngakhale munthu atamaliza mankhwala n'kuchira, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pa chiopsezo chokulirapo. Fumbi la pachigayo, la pophwanya miyala, la m'fakitale, ndi utsi wa pauvuni wa njerwa zimaonjezera pa zomwezo.

Kutsimikiza matenda

Chifuwa chilichonse chomwe chapitirira masabata awiri chiyenera kuyezedwa TB, ndipo m'zipatala za boma kuyezako n'kwaulere. Mudzapereka makhololo kuti akayezedwe pa makina a GeneXpert, mwinanso adzakujambulani chifuwa. Musakane kuyezedwa poganiza kuti munadwalapo kale TB, chifukwa imatha kubwereranso, ndipo mankhwala ena a COPD, makamaka prednisolone, amafooketsa chitetezo cha m'thupi moti TB yobisala imakula msanga. Madokotala amafufuzanso mphumu, matenda a mtima ndi kuchepa kwa magazi, popeza zonsezi zimabweretsa befu. Mphumu kawirikawiri imayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndipo imabwera n'kupita, pakati pake munthu akupuma bwinobwino. COPD imayamba munthu atakula, siichoka, ndipo imanka ikulirakulira chaka ndi chaka.

Kuyeza kotsimikiza ndi kwa makina otchedwa spirometer, omwe munthu amauziramo ndi mphamvu zake zonse. Mapapo abwino amatulutsa gawo lalikulu la mpweya m'sekondi yoyamba, ndipo ngati womwe watuluka m'sekondi imeneyo sukufika magawo 70 mwa 100 ngakhale munthu atapopera kaye mankhwala otsegula chifuwa, ndiye kuti njira za mpweya zachepadi. Makinawa sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, choncho funsani pa chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, pa Mulanje Mission kapena ku Malamulo ngati angakuyezeni kapena kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pemphaninso kuti akulembeni ku kiliniki ya matenda okhalitsa, komwe amaona odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kuti muzionedwa pa masiku oikika m'malo momangopita mukadwalika. Buku la kuchipatala likhale limodzi lomwelo. Chizolowezi chogula buku latsopano paulendo uliwonse chimabisa mbiri ya matenda, ndipo dokotala amene sakuona kuti mwabwera kasanu chaka chomwecho ndi chifuwa chimodzimodzi adzakupatsani amoxicillin n'kukubwezani kunyumba.

Utsi

Kwa wosuta, palibe mankhwala oposa kusiya fodya. Kusiyako sikubwezeretsa mapapo owonongeka, koma kumachepetsa liwiro lomwe akuwonongekera, ndipo phindu limakhalapo ngakhale munthu atasiya ali wachikulire. Sankhani tsiku losiyira, uzani a pabanja panu ndi anzanu a pabawo, ndipo chotsani m'nyumba fodya yense. Masiku oyambirira ndiwo ovuta, mutu umawawa, mtima umapsa msanga, tulo sitibwera, koma zimenezi zimayamba kuchepa pakatha masabata awiri kapena anayi. Chilakolako chikabwera chimatenga mphindi zochepa chabe, choncho imwani madzi, tafunani mtedza, kapena nyamukani muyende pang'ono mpaka chidutse. Kutsitsa ndudu kuchoka pa 10 patsiku kufika pa 3 ndi poyambira chabe, chifukwa zitatu zomwezo zikupitiriza kuwononga. Chingambwe sichikhala chabwinoko chifukwa chakuti munalima nokha, ndipo chamba chimapweteka mapapo nachonso. Amene wagwa n'kusutanso asataye mtima, ayambirenso, pakuti ambiri amasiyiratu atayesa kangapo.

Utsi wa m'khitchini ndiwo wovuta kwambiri kuuthawa, chifukwa nsima iyenera kuphikidwa tsiku lililonse. Lowani m'khitchini ya m'mudzi mwezi wa June chiperoni chikuwaza. Chitseko n'chotseka chifukwa cha mphepo, nkhuni n'zonyowa, moto wayatsiridwa ndi jumbo, ndipo mayi wagwada n'kuika nkhope pafupi ndi mafuwa akuuzira, misozi ikuchucha. Denga lonse lada ndi mwaye, ndipo utsi womwe wadetsa dengalo ndi umene mayiyo akupuma katatu patsiku. Zinthu zingapo pamenepa zingathe kusintha popanda ndalama. Phikirani panja nyengo ikalola, kapena mangani chisakasa chotseguka m'mbali. Khitchini ya zipupa iboolereni mipata m'mwamba mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Nkhuni muziwaze ndi kuziunjika pouma mwezi wa May usanafike, chifukwa nkhuni yonyowa imafuka kwambiri kuposa youma. Majumbo, nkhwaira zakutha ndi zidutswa za matayala zisayandikire pamoto. Nyemba ndi nandolo wouma muziviika usiku kuti zisachedwe pamoto, mphika uzikhala wovundikira, ndipo zophika zotenga maola ambiri monga kalongonda aziyang'anira ena.

Chitetezo mbaula, chomwe magulu ambiri a amayi amaumba kuno, chimadya nkhuni zochepa ndipo n'chosavuta kutulutsa panja, kotero ndi chabwino kukhala nacho. Komabe musaganize kuti mbaula payokha yathetsa vuto. Kafukufuku wamkulu wochitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, yemwe zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, anapereka mbaula zamakono zosafuka kwambiri ku mabanja ambiri n'kutsatira ana oposa 10,000, koma chibayo pakati pa anawo sichinachepe. Ine ndimamvapo kuti utsi m'midzi mwathu umachokera mbali zambiri, ndipo kutseka khomo limodzi sikukwanira. Kwa munthu amene mapapo ake awonongeka kale, chothandiza kwenikweni n'kuchoka pamoto. Apa banja liyenera kugwirizana, chifukwa mayi amene waphikira ana ake moyo wake wonse sangasiye mthiko mosavuta, ndipo angamve ngati akumuchotsera ulemu wake. Mdzukulu akanena kuti, "Anganga, inu khalani pakhondepa muzisadzula ndiwo, pamoto ndikhalapo ine," ntchito imagawika popanda wina kudziona wachabechabe.

Usiku musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire chotani mu July. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, womwe umapha ngakhale anthu a mapapo abwino. Fundani zambiri, valani chipewa ndi masokosi. M'malo mwa koloboyi yatsani tochi kapena nyale ya sola, ndipo m'malo mwa mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu gonani m'neti. Mu September ndi October, pamene anthu akutentha minda, tchire ndi zinyalala, wodwala akhale kumbali yochokera mphepo, ndipo asakhale iye wosesa bwalo louma popanda kuwaza madzi. Amene ali pantchito ya fumbi, yopopera mankhwala m'minda kapena yootcha njerwa atenge kalata ya dokotala n'kukapempha kuti amusinthire ntchito. Kansalu komanga pamphuno kamatchinga fumbi lalikulu lokha, utsi umadutsa.

Mankhwala opopera

Mankhwala ofunika kwambiri ndi opopera m'kamwa, a mu inhela. Ambiri amawaopa, ati munthu akawayamba sawasiyanso, ena ati amapatsa munthu amene watsala pang'ono kufa. Mantha amenewa apweteketsa anthu ambiri ndipo alibe maziko. Inhela imafikitsa mankhwala ochepa kwambiri m'mapapo momwe akufunika, pamene mapiritsi a salbutamol kapena aminophylline amazungulira thupi lonse n'kubweretsa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kochuluka. Munthu amapitiriza kugwiritsa ntchito inhela chifukwa chakuti matendawo ndi okhalitsa.

Yopezeka kwambiri ndi ya salbutamol, yomwe nthawi zambiri imakhala ya buluu. Imamasula timachubu m'mphindi zochepa ndipo mphamvu yake imakhala maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Kapoperedwe kake ndi komwe ambiri amalakwitsa, moti mankhwala amathera palilime. Khalani tsonga kapena imirirani, chotsani chivindikiro, ndipo khutchumulani inhelayo. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka pomwe mungathe, kenako gwirani kukamwa kwa inhela ndi milomo mosasiya mpata. Yambani kukoka mpweya mofatsa, ndipo mutangoyamba kukokako dinizani kamodzi, n'kupitiriza kukoka mpaka chifuwa chidzaze. Gwirani mpweyawo masekondi 10, kapena pomwe mungapirire, musanautulutse. Ngati anakuuzani kupopera kawiri, dikirani theka la mphindi, khutchumulaninso, ndi kubwereza zonse. Mukaona kautsi kakutuluka m'kamwa kapena m'mphuno, mankhwala atayika.

Kugwirizanitsa chala ndi mpweya n'kovuta kwa okalamba ndiponso kwa aliyense amene wabanika, ndipo botolo la pulasitiki la mamililita 500 limathetsa vutoli. Litsukeni ndi madzi a sopo, musalipukute ndi nsalu, lisiyeni liume lokha. Ikani kukamwa kwa inhela kunsi kwa botololo n'kulemba mzere mozungulira, kenako boolani ndi waya kapena mpeni wotentha motsatira mzerewo, bowo likhale lothina. Lowetsani inhela pulasitiki ikadali yofewa, ndipo pomwe patsala mpata matanipo ndi selotepi. Pogwiritsa ntchito, ikani milomo pakamwa pa botolo, dinizani inhela kamodzi, ndipo pumirani m'botolomo mofatsa kanayi kapena kasanu. Mankhwala amayamba ayandama m'botolomo n'kumalowa m'mapapo pang'onopang'ono. Madokotala a ku Cape Town anayesa njira imeneyi pa ana odwala mphumu ndipo anapeza kuti botolo lotere limathandiza mofanana ndi chipangizo chogula. Muzilitsuka mwa njira yomweyo, ndipo likang'aluka pangani lina.

Inhela ya salbutamol nthawi zambiri imakhala ndi mankhwala opopera ka 200. Wopopera ka 8 patsiku imamuthera pa masiku 25, choncho lembani tsiku lomwe mwaiyamba. Kumveka kwa madzi mukaigwedeza si umboni wakuti mankhwala alimo. Kakonzereni ina yoyambayo isanathe, makamaka nthawi ya dzinja pamene mitsinje monga Ruo, Thuchila ndi Likhubula imadzaza, ndipo tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho mu March 2023.

Ena amapatsidwanso beclomethasone, yomwe imachepetsa kutupa m'timachubu. Imeneyi siithandiza pa nthawi yobanika, imapoperedwa tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo, ndipo mukatha muzichukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula kuti musachite zilonda zoyera. Si wodwala COPD aliyense amene amaifuna, chifukwa imaonjezera chiopsezo cha chibayo, ndiye asankhe ndi dokotala. Palinso mankhwala otsegula chifuwa ogwira tsiku lonse, monga tiotropium, omwe amathandiza kwambiri koma ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Amene angakwanitse afunse dokotala ngati angamuyenere.

Prednisolone musamagule nokha. Amapepukitsa chifuwa msanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda, koma womumwa miyezi yambiri amadwala shuga, magazi amathamanga, mafupa amafooka, ndipo matenda ena amalowa mosavuta. Uzani dokotala mankhwala onse omwe mukumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi a zitsamba. Propranolol, yemwe ena amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amatha kufinya njira za mpweya, pamene mapiritsi ogonetsa monga diazepam, pamodzi ndi mowa wambiri, amafooketsa kapumidwe. Kufunda bulangete pa mphika wa madzi owira a masamba a bulugamu sikutsegula timachubu tochepa, ndipo munthu wofooka angathe kupsa nawo.

Kapumidwe ndi kuyenda

Befu akabwera, thupi limafuna kukoka mpweya mofulumira, koma kufulumirako kumaonjezera mpweya wotsalira m'chifuwa. Phunzirani kuchita zosiyana ndi zimenezo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mumtima mpaka 2, kenako songolani milomo ngati mukuuzira phala lotentha, n'kutulutsa mpweyawo mofatsa mukuwerenga mpaka 4. Musaukankhe mwamphamvu. Milomo yosongokayo imachititsa kuti timachubu tisafwafwanizike msanga, motero mpweya wakale umapeza mpata wotuluka. Yesererani kangapo patsiku pamene muli bwino, kuti podzabanika thupi lidzakhale litazolowera. Kakhalidwe nakonso kamathandiza: khalani pampando, weramirani kutsogolo pang'ono, tsamiritsani mikono pamaondo, ndipo mapewa agwe. Muli panjira, tsamirani mtengo kapena ndodo. Wina akakupizeni kumaso ndi katoni, chifukwa kamphepo kozizira pankhope kamachepetsa kumva kubanika.

Makhololo ndi osavuta kutulutsa ngati mukumwa madzi okwanira, pokhapokha dokotala atakuchepetserani madzi chifukwa cha mtima kapena impso. M'malo motsokomola mpaka kutheratu mphamvu, pumani mozama katatu, kenako tsegulani kukamwa n'kutulutsa mpweya mwamphamvu monena kuti "haa" kawiri, ndipo makhololo akakwera pakhosi tsokomolani kamodzi. Chitani zimenezi m'mawa mutapopera mankhwala.

Cholakwika chomwe ndimachiona kukhala choopsa kwambiri chimachokera m'chikondi. Banja likaona bambo akuchita wefuwefu limawayalira mphasa n'kuwaletsa chilichonse. Minofu ya miyendo ikakhala osagwira ntchito imafooka, minofu yofooka imafuna mpweya wambiri pa ntchito yochepa, ndipo pakatha chaka munthu amene ankafika kumsika amalephera kufika kuchimbudzi. Befu wobwera chifukwa cha kuyenda sawononga mapapo. Yambani ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo athyathyathya, monga pabwalo la mpira kapena mumsewu wosakwera, ndipo muzionjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka mufike mphindi 20 kapena 30 masiku ambiri a pasabata. Muyeso wake ndi uwu: muzipuma mwamphamvu koma muzitha kuyankhula mawu angapo. Mukalephera kuyankhula, imani, songolani milomo, pumulani, kenako pitirizani. Kupopera salbutamol mphindi 15 musananyamuke kumathandiza. Pakhomo, muzikhala ndi kuimirira pampando ka 10 motsatizana, ndi kukweza m'mwamba botolo la madzi ndi dzanja lililonse. Lekani pomwepo ngati mwamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire. A mafizo pa chipatala chachikulu angakuphunzitseni zambiri, ndipo ndi bwino kupempha kuti akutumizeniko.

Zitunda sitingazithawe, kaya ndi ku Thekerani kaya m'mphepete mwa phiri. Pokwera, kokani mpweya mutaima, ndipo pondani masitepe awiri kapena atatu mukuutulutsa. Nyamukani nthawi ikadalipo kuti musathamangire minibasi kapena mapemphero. Madzi tungani m'kachigubu ka malita 5 m'malo mwa ndowa ya malita 20, sambani mutakhala pakampando, ndipo ntchito zolemera muzizigwira pa nthawi yomwe thupi limakhala lopepuka. Kulima mowerama kwambiri kumapanikiza chifuwa, choncho khasu likhale la mpini wautali, ndipo kupuntha ndi kupeta, komwe kumadzutsa fumbi ndi mungu, asiyireni ena.

Chakudya

Kupuma movutikira kumadya mphamvu zambiri, ndipo odwala ambiri amaonda. Mimba yodzaza imakankha chifuwa, choncho idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku m'malo mwa nsima yaikulu kawiri. Phala la nsinjiro kapena la soya, mazira, usipa, matemba, nandolo, mapeyala ndi nthochi zimapezeka kuno ndipo zimamanga thupi. Pumulani musanadye. Kuonda kofulumira kukanenedwe kuchipatala, chifukwa kungakhale chizindikiro cha TB kapena khansa.

Matenda akakula mwadzidzidzi

Nthawi zina, makamaka pambuyo pa chimfine kapena m'miyezi yozizira ya May mpaka August, matendawa amakula m'masiku ochepa. Zizindikiro zake ndi zitatu: befu woposa wa masiku onse, makhololo ochuluka kuposa kale, ndi makhololo osintha mtundu kukhala achikasu kapena obiriwira. Kudwalika kotere kulikonse kungathe kusiya mapapo ofookerapo, ndiye musadikire kuti muone ngati kutha kokha. Poperani salbutamol kudzera m'botolo monga anakulangizirani, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kawirikawiri amapereka prednisolone wa masiku asanu, ndipo ngati makhololo asintha mtundu amaonjezera mankhwala opha tizilombo monga amoxicillin kapena doxycycline, omwe muyenera kumaliza onse. Pemphani dokotala akulembereni m'buku lanu kuchuluka kwa mankhwala oyenera kupopera zinthu zikavuta, ndipo wina wa m'banja adziwe pomwe palembedwapo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Wodwala akalephera kumaliza chiganizo, milomo kapena lilime zikada motuwira, akayamba kusokonezeka kapena kuodzera mosadzutsika bwino, akamva kupweteka pachifuwa, akatsokomola magazi, kapena thupi likatentha kwambiri, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Ayende atakhala tsonga, wina atamugwira, ndipo azipopera mankhwala m'njira. Nambala ya wa njinga yamoto wodalirika ndi ndalama yapadera ya ulendo wotere zizikhala zokonzeratu. Kutupa kwa miyendo nakonso kukaonetsedwe msanga, chifukwa kumasonyeza kuti mtima wayamba kulemedwa. Ena akaona kutsokomola, kuonda ndi kutupa amaganiza za tsempho kapena kulodzedwa, ndipo masiku omwe amathera pofufuza zimenezo ndi omwe wodwala amafunikira thandizo la kuchipatala.

Kuchipatala adzamupana kachipangizo pachala koyeza okosijeni m'magazi. Kwa wodwala COPD, madokotala amafuna kuti nambala yake ikhale pakati pa 88 ndi 92, chifukwa okosijeni wochuluka kwambiri amachititsa ena kusunga mpweya woipa m'magazi mpaka kukomoka. N'chifukwa chake owasamalira asamapotokole okha makina a mpweya poganiza kuti akuthandiza, ndipo anene msanga kwa anamwino kuti wodwalayo ali ndi COPD. Akatuluka m'chipatala abwerere kukaonedwa pasanathe mwezi, atatenga inhela ndi botolo lake kuti namwino aone kapoperedwe, ndipo ayambirenso kuyenda pang'onopang'ono m'masabata oyambirira omwewo.

Kupewa chimfine n'kofunika. Sambani m'manja ndi sopo, musayandikane ndi amene akuyetsemula, ndipo funsani alangizi a zaumoyo za katemera wa COVID-19 ndi ena oteteza ku matenda a m'chifuwa omwe angapezeke. Amene ali pa ma ARV asadumphitse.

Maganizo ndi banja

COPD si yopatsirana. Ngati TB yayezedwa n'kupezeka kuti palibe, palibe chifukwa chopatulira wodwala mbale, kapu kapena chipinda, ndipo kumusala kumangomuonjezera chisoni. Kubanika kumachititsa mantha, manthawo amafulumizitsa kupuma, ndipo wosamalira amene akukuwa ndi kuthamangathamanga amakulitsa zonse ziwiri. Khalani naye pafupi, yankhulani motsitsa, ndipo tulutsani naye mpweya pamodzi mwa njira ya milomo ija. Wodwala amene wasiya kucheza, kudya ndi kugona kwa masabata angapo angakhale ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa, omwe ali ndi chithandizo chake kuchipatala. Kutchalitchi, kumzikiti ndi kumisonkhano ya m'mudzi azipitabe, akakhale pafupi ndi khomo pomwe pali mphepo, ndipo pamaliro asagone pafupi ndi moto wa pasiwa.

Matenda akafika poti munthu akubanika ngakhale atangokhala, pemphani kuonana ndi gulu losamalira odwala matenda osachiritsika pa chipatala chachikulu. Iwowa amathandiza kuchepetsa befu, ululu ndi mantha, amalangiza owasamalira, ndipo nthawi zina amapereka morphine wamadzi wochepa kwambiri, yemwe amachepetsa kumva kubanika. Morphine ameneyu amwedwe pa muyeso womwe iwo alemba basi, asungidwe patali ndi ana, ndipo popeza amaumitsa m'mimba, funsani mankhwala ofewetsa chimbudzi pa tsiku lomwe mukumulandira. Banja lomwe lakwanitsa kupeza makina a okosijeni a pakhomo lidziwe kuti amafuna magetsi osadukiza, kuti muyeso wake aike ndi dokotala, ndiponso kuti m'chipinda momwe muli makinawo musalowe fodya, kandulo kapena mbaula, chifukwa okosijeni amakolezera moto.